Ndinasiya kutchetcha kapinga ku Joni n'kuyamba kuwotcherera

Abale anga a ku Ntcheu, makamaka inu anyamata a ku Lizulu, Mlangeni ndi Tsangano amene simutopa kundilembera pa WhatsApp, ndati ndikuyankheni pamodzi chifukwa funso lanu ndi limodzi. Munaona nyumba ya malata imene ndinawamangira amayi, ndiye aliyense akuti, "Achimwene, kodi kuwotcherera kuli ndi ndalama eti?" Ndalama ilimo, koma siili pamene ambiri mukuganizapo.

Amene mumandidziwa mukukumbukira kuti ndinkagulitsa kachewere ndi kabichi pa msika wa Lizulu, kuthamangira mabasi beseni lili pamutu. Mpamba utathera ku feteleza, mu 2016 ndinanyamuka. Ndinatulukira pa chipata cha Dedza, kudzera ku Tete, Nyamapanda, Harare mpaka Beitbridge. Ku Johannesburg ndinafikira kwa msuweni wanga, ndipo ntchito inali yomwe Amalawi ambiri timayambira: ya m'gadeni. Zaka zinayi ndinali kutchetcha kapinga, kusesa masamba ndi kusambitsa agalu. Ndinkalandira R200 pa tsiku, koma masiku ake anali atatu kapena anayi pa sabata, ndipo mu June ndi July kapinga sakula, bwana amangoti ubwere kamodzi. Ukachotsa lendi, thiransipoti ndi ufa, yotumiza kumudzi inkangokwanira sopo ndi mchere.

Kenaka kunabwera matenda a Covid-19. Pa 27 March 2020 boma la kuno linatsekera anthu m'nyumba, mabwana onse anatseka mageti awo, ine n'kukhala milungu yambiri wopanda ngakhale randi imodzi yolowa. M'kachisakasa kanga ka malata ndinaganiza kwambiri. Ndinali ndi zaka 33, ana awiri, ndipo luso langa lonse linali loti mwana wa sukulu angaliphunzire tsiku limodzi.

Zinthu zitayamba kumasuka, geti la bwana wanga wina linathyoka, anaitanitsa munthu woti aliwotcherere. Ndikumutsegulira, ndinamva akuyankha foni m'Chichewa chathu chenicheni. Anali bambo wachikulire wa ku Angónia. Inu a ku Lizulu mukudziwa kuti pamenepo msewu wa M1 ndiwo malire, uku Malawi, tsidya Mozambique, ndiye munthuyu anali ngati wa mudzi woyandikana nafe. Anamaliza ntchitoyo pasanathe maola awiri, ndipo ndalama imene anapatsidwa inali ya masiku anga atatu. Ndinawatsatira mpaka pa galimoto yawo n'kuwapempha kuti anditenge. Anandiyang'ana manja, nati, "Mphwanga, chaka choyamba udzalira." Kuyambira tsikulo ndimawatchula kuti amalume.

Sananame. Miyezi isanu ndi umodzi sindinagwire n'komwe chowotcherera. Ntchito yanga inali kunyamula zitsulo, kuzigwirizira, kudula ndi galayindala, kupala dzimbiri ndi kupenta. Malipiro anali ochepa kuposa a m'gadeni, moti mayi a kunyumba anandifunsa pa foni ngati mutu wanga ukuyenda bwino. Madzulo ntchito ikatha amalume ankandipatsa zidutswa za zitsulo ndi marodi otsala, timitengo tachitsulo towotcherera, kuti ndiyeserere. Rodi inkamatirira, ndikaikoka moto n'kuzima. Ndikawonjezera mphamvu ya makina, chitsulo n'kubooka. Mapaipi a makona anayi amene timapangira mabagala ambiri ndi opyapyala, mamilimita 1.6 okha, ndiye ukachedwetsa dzanja pang'ono basi wasiya dzenje. Ndikagogoda nkhanambo ya pamwamba, m'kati munkatuluka timibulu timibulu. Amalume ankangoti, "Zitosi za nkhuku izi, pala uyambirenso."

Za maso ndikuuzeni mosabisa, chifukwa ndikabwera kumudzi ndimaona anyamata pa Ntcheu boma akuwotcherera atavala magalasi a dzuwa, ena kungotsinzina basi. Ine ndinachitapo zomwezo tsiku lina pogwirizira chitsulo. Masana sindinamve kanthu. Pakati pa usiku ndinadzuka maso ali ngati wina wathiramo mchenga, misozi ili chuchuchu, kutsegula osatheka. Anzanga anandiika tizidutswa ta kachewere pa zikope, mmene amachitira ambiri. Ine amene ndinagulitsa kachewere zaka zonse zija ndikuti amangoziziritsa, sachiza kanthu. Kuwala kuja kumawotcha diso lenileni, ndipo chotchinga kumaso chokhala ndi galasi lakuda loyenera chimatsika mtengo kuposa maso anu. Chinanso ndi utsi wa zitsulo zokutidwa ndi zinki, za galivanayizi zija. Ukaupuma, usiku umanjenjemera ngati malungo. Akuluakulu amati imwa mkaka, koma chothandiza n'kugwirira ntchito panja pamphepo ndi kupala zinkiyo usanawotche.

Tsopano za ndalama. Owotcherera si amodzi ayi, ndipo apa ndi pamene makanema a pa Facebook amakusokonezani. Pansi penipeni pali othandizira, mmene ndinalili ine. Lamulo la kuno la malipiro otsikitsitsa linayamba mu 2019 ndi R20 pa ola, mu March 2024 linafika R27.58, mu 2025 R28.79. Wothandizira amazungulira pamenepo, ndipo ngati mapepala ako sali bwino, ena amakupatsa yosafika n'komwe podziwa kuti sukadandaula kulikonse. Pamwamba pawo pali ife a mageti, mabagala, mashedi a galimoto ndi mipanda, ogwiritsa marodi a 6013. Ine ndikalembedwa ndi munthu pa tsiku ndimatchaja R450, pamene ndinayambira pa R250. Ndi yoposa kawiri ya m'gadeni, koma si tsiku lililonse kumakhala ntchito.

Amene mumawaona akuyendetsa magalimoto apamwamba aja ndi gulu lina. Iwo amawotcherera mapaipi a m'mafakitale, a mafuta ndi a nthunzi, ndi makina a TIG amene kuno amangoti argon. Poti awalembe amawayesa kaye: amawapatsa paipi yopendekeka, mayeso otchedwa 6G, akamaliza n'kuunika ndi X-ray kuti aone ngati m'kati mulibe kabowo ngakhale kamodzi. Fakitale ikaimitsidwa kuti ikonzedwe, monga zimachitikira ku Secunda, anthu amenewa amapeza pa milungu yochepa ndalama imene ine ndimaisaka miyezi. Koma pa geti la malo otero amafuna satifiketi ya luso, imene kuno amati Red Seal, ndi chilolezo chogwirira ntchito. Mmalawi amene chidindo chake cha m'pasipoti cha masiku 30 chinatha kalekale salowako, kaya dzanja lake ndi labwino chotani. Ndiye mukamamva za owotcherera a ku Australia kapena Canada, dziwani kuti akunena anthu amenewo, osati ife a mageti.

Kwa ife ndalama yooneka ili pa ntchito zopeza wekha, ndipo pamenepo chimene chimakudyetsa kapena kukugwetsa ndi masamu, osati moto. Geti langa loyamba lokankha ndinalitchaja ndili chiimire, pofuna kuoneka katswiri. Ndinawerengera zitsulo zokha, pamtengo umene ndinaumva miyezi itatu m'mbuyo. Ndinaiwala mawilo, njanji yake, penti, madisiki odulira, marodi ndi galimoto yonyamulira. Nditagwira masiku anayi, m'thumba munatsala R150. Amalume anaseka mpaka kukhala pansi, kenaka anandigulira kope ndi tepi yoyezera. Lero sinditchula mtengo ndisanayeze ndi kuimbira foni kogula zitsulo, ndipo sindidula chitsulo munthu asanapereke ndalama ya zipangizo. Zimenezi ndinaphunzira munthu wina atandikaniza ndalama ya mabagala a nyumba yonse. Anangoti, "Pita kupolisi," akudziwa kuti sindingapiteko.

Mu 2022 ndi 2023 magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku kuno. Poyamba tinkangokhala pa mthunzi kudikira, mpaka tinasonkherana kugula jenereta. Chodabwitsa n'chakuti mdima womwewo unatibweretsera ntchito: anthu ankafuna makhola achitsulo otsekeramo majenereta ndi mabatire, ena mafelemu oikapo masola. Ndalama ya malata a amayi inachokera kumeneko.

Mu December 2023 ndinabwera kumudzi, patangopita mwezi kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti. Ndinayenda dala pa Ntcheu boma, pa Kampepuza, mpaka pa Dedza, kucheza ndi owotcherera. Ntchito ndinaiona: mafelemu a zitseko ndi mawindo, ngolo, makaliyala a njinga za kabaza, mawilibala, mbaula, zigayo zothyoka. Dera lathu ngolo sizidzatha, ndipo aliyense wogulitsa kachewere kapena soya amathamangira kumanga nyumba. Madandaulo awo anali atatu. Zitsulo ndi marodi zimachokera kunja, ndiye kwacha ikagwa mitengo imalumpha pomwe makasitomala akufuna mtengo wakale. Magetsi akazima tsiku latha. Ndipo ndalama imayenda nthawi yokolola, koma January ndi February kuli zii. Ambiri akugwiritsabe makina opanga okha aja, a waya wokulunga m'bokosi la matabwa, amene amadya magetsi ngati chigayo. Komabe ndinawasirira chinthu chimodzi. Akaweruka amakagona kwawo, saopa galimoto ya polisi ikaima, ndipo mwana akadwala ali pomwepo.

Ndikanabwerera ku 2016, ndikanaphunzira luso ndisanakwere basi. Kuno palibe amene ali ndi nthawi yokuphunzitsa. Ine ndinangochita mwayi kukumana ndi amalume aja, ndipo mwayi wotere sungaukonzekere. Kwathu kuli TEVETA, yoyang'anira maphunziro a luso, imene inakhazikitsidwa mu 1999, kuli makoleji a ntchito zamanja ngati Lilongwe Technical College, komanso mayeso a luso. Kafunseni kumeneko za maphunziro a kuwotcherera. Amene sukulu inakukanikani, pitani kwa wowotcherera wa pa tauni panu mukagwirizire zitsulo chaka chathunthu, kenaka mukayesedwe kuti mukhale ndi pepala. Ndipo musamangokakamira mageti. Pemphani akuphunzitseni rodi ya 7018, yowotcherera zitsulo zonyamula katundu wolemera, ija imafuna kusungidwa pouma. Phunzirani kuwotcherera chokwera ndi cha pamwamba pa mutu, komanso kuwerenga pulani. Ine ndili ndi zaka pafupifupi 40 tsopano, msana wayamba kudandaula, ndipo argon ndikungoyiphunzira Loweruka lokha pa shopu ya mnzanga wina.

Mng'ono wanga wotsiriza anamva zimenezi chaka chatha, anayamba kuthandiza wowotcherera wina pa mphambano ya Tsangano. Mwezi wathawu ndinamutumizira kamakina ka inverter, kopepuka koti n'kunyamula paphewa, pamodzi ndi chotchinga kumaso ndi magolovesi achikopa, kudzera mwa anyamata onyamula katundu aja. Ntchito yake yoyamba payekha inali ngolo ya amalume athu enieni, imene inathyoka mpini wokokera. Ananditumizira chithunzi usiku womwewo, pansi pake atalemba kuti, "Achimwene, mwaona?" Ndinachikulitsa pa foni, ndinaona zitosi za nkhuku kuyambira uku mpaka uko. Ndamuuza apale ayambirenso ng'ombe zisanamangidwe, anditumizirenso china Lachisanu.