Ma pickup a gitala musawapereke kwa transipota wa thelera

Abale anga a kuno ku Joni, makamaka inu a kwathu ku Mulanje ndi ku Thyolo amene mumatumiza zipangizo zoimbira kumudzi, katundu wamng'ono koma wodula musamupereke kwa matransipota aja okoka thelera. Mabulangete, mapoto, filiji, apatseni, amafikitsa. Koma kanthu kokwana m'thumba la jekete amangokaponya paliponse, ndipo kakaonongeka palibe wovomera mlandu. Ine andipweteka pa ma pickup a gitala, tizipangizo ta maginito ndi waya wokulungidwa timene timakhala pansi pa nsambo n'kumatola mawu a gitala ya magetsi, ndipo mtima sunatsikebe.

Mng'ono wanga amaimba gitala ya lidi m'kabandi ka pa Chitakale, kamene kamaitanidwa m'maukwati mpaka ku Luchenza ndi ku Limbuli. Gitala yake ndi yotchipa ija yotengera Stratocaster, gitala ya magetsi ya ma pickup atatu. Thabwa ndi labwino, khosi silinapindike, koma kaliridwe kake kanali kolasa m'makutu. Iye amafuna mawu a magitala a m'ma 1960 ndi 1970, oyera, olira ngati belu. Chimene chimaononga magitala otchipawa ndi ma pickup a ceramic. Mukawatembenuza mupeza maginito akuda omatidwa kunsi. Akale enieni alibe zimenezo, timitu sikisi tija timene timakhala pansi pa nsambo ndi maginito patokha, a chitsulo chotchedwa alnico. Kampani ya Fender itatulutsa Stratocaster mu 1954 inkapanga choncho, ndi waya woonda wa 42 gauge, ndipo mukayeza pa mita ya zamagetsi amawerenga cha m'ma 6k, kutanthauza ma ohm 6,000. Ndiye wofuna mawu akale asakopeke ndi katoni yolembedwa kuti "hot". Waya akachuluka pickup imafuula, koma mawu apamwamba aja amamira. Alnico 2 ndi yofewa, alnico 5 ndi yowala komanso yamphamvu. Ine ndinasankha 5 chifukwa pa ukwati gitala imalimbana ndi kiyibodi ndi ng'oma.

Ndinaonetsetsanso kuti pickup yapakati ikhale yokulungidwa mobwerera, kuti siwichi yosankhira ma pickup ikakhala pa 2 kapena pa 4 phokoso la magetsi lija lizitha. Akale sankakhala choncho, koma amene anaimbapo pa jenereta m'maholo akwathu akundimvetsa. 

Ma pickup atatu onse amene ndinamugulira ndinawayeza m'shopu momwemo: 5.8k, 5.9k ndi 6.2k, n'kujambula zithunzi. Ndinawakulunga bwinobwino m'kakatoni n'kupita nawo payadi pamene transipota wina wa thelera amapakirira. Anandiuza R300. Ndinamufunsa maso ndi maso ngati msonkho wa pa Mwanza uli momwemo, iye amvekere, "Zonse zili momwemo achimwene, mng'ono wanuyo akangolandira basi." Risiti ndinapempha, akuti buku latha, anangolemba dzina pa tepi.

Sabata imene analonjeza inadutsa. Ndikaimba, akuti mzere wakula pa Beitbridge. Kenako tayala laphulika ku Tete. Kenako mapepala avuta pa Zobue. Njira imeneyi tonse timaidziwa, timadziwa kuti imachedwetsa, ndipo sindikanadandaula akanamandiuza zoona. Koma anthu ena amene anapakira tsiku limodzi ndi ine anali atalandira kale katundu wawo. Mwezi utatha ndi pamene mnyamata wake anaimbira mng'ono wanga kuti abwere ku Limbe ndi K40,000 ya msonkho, apo ayi katundu satuluka. Mwana uja anakwera minibasi m'mawa kuchokera pa Chitakale ali ndi ya thiransipoti yokha, poganiza kuti akakambirana. Anamusiya panja pa geti mpaka masana. Bwana wawo foni anali atathimitsa. Ndinachita kuchoka pantchito n'kutumiza ndalama pa foni mothamanga, reti ya tsikulo yoipa, a kuno adula yawo, wa ejenti ku Limbe wadulanso yotapira. Risiti ya msonkhowo mpaka lero sitinaione.

Kakatoni kaja anakasolola mng'ono wanga akuona, pakati pa masipika awiri akuluakulu, katanyowa mbali imodzi komanso kataphwanyika. Izi ndiye zinandiwawa kuposa ndalama. Alnico safuna kugundana ndi maginito amphamvu, amafooka. Atapita nawo kwa wokonza mawailesi, pickup ya pafupi ndi khosi la gitala pa mita inangoti zii, waya waduka mkati. Yakumbuyo inawerenga 6.2k yake yomwe ija koma mawu ake anali otsika kwambiri. Yofookayo wodziwa atha kuibwezera mphamvu, koma yodukayo mpaka kukulunganso koyilo yonse. Munthuyo atayatsa foni ndinamutumizira zithunzi zonse, za kuno ndi za kumudzi. Yankho lake linali lakuti, "Tizitsulo timeneti mukuvutika nato chiyani, si ndafikitsa?" Thukuta langa ndi limenelo, achimwene, ndipo mwana uja anali atauza kale anzake kuti gitala isintha.

Ulendo wachiwiri ma pickup ena ndinapereka kwa mayi wina wa geni wa ku Bvumbwe amene amayenda pa basi yaikulu. Mtengo wake unali wokwererapo, sindibisa. Koma anatsegula ndikuona, anawerenga, analemba m'kope lake n'kundisainitsa, kenako n'kuika m'chikwama chake cha m'manja. Za msonkho anandiuziratu kuti n'zapadera ndipo risiti adzaionetsa, ndipo anaionetsadi. Ali pa Mwanza anaimbira yekha mng'ono wanga kuti akakumane pa msika wa Bvumbwe. Manambala a pa mita anafanana ndi a kuno. Mayi ameneyo ngakhale atakweza mawa, kanthu kanga kalikonse kakang'ono kazidzera kwa iyeyo.

Potumiza, katoni isiyeni. Gulani kakontena ka pulasitiki kolimba kaja koikamo chakudya, pickup iliyonse muikulunge payokha kuti zisamatane, muponyemo timapaketi toyamwa chinyontho tija timapezeka m'mabokosi a nsapato. Kwathu kukagwa chiperoni timitu ta alnico timatha kuchita dzimbiri. Tizomangira ndi timasipuling'i tiikeni m'kapepala kena, chifukwa tikamayendayenda mkatimo tingakande koyilo. Wonyamulayo muuzeni mosapita m'mbali kuti asaike pafupi ndi sipika. Ndalama perekani theka, theka linalo katundu akayezedwa kumudzi. Wokana zimenezi, kapena wonena kuti buku la marisiti latha, nyamulani katundu wanu muzipita.

Mng'ono wanga atawotcherera mawaya anadandaula kuti nsambo yaikulu ikumveka ngati yosachunidwa akakwera kumtunda kwa khosi. Anali atakweza ma pickup mopitirira, maginito akukoka nsambo. Atatsitsako pang'ono mbali ya nsambo zazikulu zinatheka. Muwauziretu a kumudziko zimenezi, angayambe kunena kuti mwawatumizira zakufa.