Kashopu kolowetsa nyimbo ku Mbare Musika

Loweruka ndinapita ku Mbare Musika, msika waukulu wa mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, ndi memore khadi kukalowetsa nyimbo za pa chinkhoswe cha mdzukulu wanga ku Mufakose. Kashopu kake n'katebulo chabe, kompyuta yakale ndi sipika imodzi yolira ngati ili ndi chimfine, chakufupi ndi pokwerera mabasi. Mnyamata wake ndi mwana wa kwathu, Chichewa chake chosakaniza ndi Chishona. "Agogo, mukufuna foda iti?"

Mafodawo anali Sungura, Zimdancehall, Gospel, Amapiano, kenako ina yongolembedwa kuti Malawi. Imeneyi inandiseketsa. Lucius Banda, Black Missionaries, Giddes Chalamanda, makwaya a mpingo, ngakhale oimba a ku Zambia, onse mumphika umodzi. Nditafunsa Mundikumbuke ya Alick Macheso, woimba wa ku Zimbabwe, yoimbidwa m'chiyankhulo chathu chomwechi, anakaipeza ku Sungura. Sindinamutsutse. Pajatu dzina loti sungura ndi la Chiswahili, kutanthauza kalulu, ndipo linachokera pa chizindikiro cha kampani ya ku Kenya chomwe chinkamatidwa pa malekodi. Kwa mnyamatayu maina amenewa ndi ongomuthandiza kupeza nyimbo msanga pamene anthu ali pamzere, basi.

Ife kale pa 31 Disembala tinkazungulira wailesi kumvera Top 50 ya Radio Zimbabwe, kukangana mpaka pakati pa usiku kuti nambala wani akhala ndani. Nthawi ya kampani yojambula nyimbo ya Gramma Records kaseti inkagulidwa m'sitolo, ndiye zogulitsidwa zinkawerengeka. Nditamufunsa ngati amatsatira ndandanda ya pa wailesi, anangotulutsa kope la ana asukulu lothimbirira ndi mafuta a tchipisi. M'menemo amalemba nyimbo zimene madalaivala a makombi (maminibasi) afunsa sabata imeneyo, chonga pa chonga. Akuti nyimbo yojambulidwa ku mafulati a Matapi, ku Mbare komweko, imamupeza pa WhatsApp wailesi isanaidziwe n'komwe. Zanga za chinkhoswe anasankha mothandizidwa ndi kopelo, ndipo achinyamata anavina mpaka fumbi koboo.

Zodandaula zilipo. Ndinalipira dola imodzi, mtengo wabwino, koma kunyumba ndinapeza nyimbo zitatu zodukira pakati, ndipo zina DJ amakuwa dzina lake pamwamba pa mawu a woimba, pomwe gitala ya besi yafika pokoma. Ndinabwererako Lolemba, anandisinthira osalipiritsanso, ndi ulemu wake womwe. China chimene chimandiluma n'chakuti pa dola imeneyi woimba sapezapo ngakhale senti, pamene kaseti ya Macheso ndinkachita kuisungira ndalama.

Mukapitako, lembani maina a oimba papepala muli kunyumba, chifukwa mukangoti "za ku Malawi" mudzabwera ndi nyimbo za maliro pa chinkhoswe. Ndipo muuzeni akuyimbireni pa sipika yakeyo musanachoke.