Ndemanga: Benz yanga ya W123 ndaichotsa automatic, tsopano ndi ya manual

Kwa anzanga a muno mu Harare amene mukusunga magalimoto akale, makamaka ma Benz a W123, nayi ndemanga yanga pa ntchito imene galaja ina ya ku Gazaland, ku Highfield, inandigwirira. Galimoto yanga ndi 230E ya 1983, ya injini ya M102 ya malita 2.3. Chiisinthireni ndayenda nayo dzinja lonse, ndiye zimene ndikulemba pano ndaziona ndekha pamsewu.

Giyabokosi ya automatic inali itatopa. M'mawa ndikaika pa D inkachedwa kugwira, ikatentha inkaterera pakati pa giya yachiwiri ndi yachitatu, ndipo oyilo wake anali wakuda, wonunkha chopserera. Oikonza analipo, koma zida zam'kati ankati aziitanitsa ku Johannesburg, ndipo palibe amene ankafuna kulonjeza kuti ikhalitsa. Achimwene ena a kutchalitchi kwathu ku Mufakose ndiwo anandilozera kwa makaniko wina wachikulire, wobadwira konkuno koma makolo ake ndi a ku Dedza. Tinamvana m'Chichewa kuyambira tsiku loyamba, ndipo mawu awo oyamba anali akuti: "Achimwene, musagule giyabokosi yokha. Sakani galimoto yakufa yathunthu, tizule zonse pamodzi."

Malangizo amenewa ndiwo anapulumutsa ntchito yonse. Giyabokosi ndi chinthu chimodzi chabe pa zambiri zofunika. Pamafunika flywheel (chitsulo cholemera chozungulira chimene kilatchi imagwirapo) m'malo mwa chimbale chopyapyala cha automatic, kilatchi yonse, kabeyaring'i kakang'ono kolowa kumapeto kwa crankshaft (mpiringidzo waukulu wozungulira wa m'injini), mapedulo atatu ndi chitsulo chowagwira, master cylinder ndi slave cylinder (timapampu tiwiri toyendetsa kilatchi), ndodo ya magiya ndi timipiringidzo take, chitsulo chonyamulira giyabokosi pansi, komanso chigawo chakutsogolo cha propshaft (chitsulo chachitali chopititsa mphamvu ku matayala akumbuyo), chifukwa giyabokosi ya manual ndi yaifupi kuposa ya automatic. Mukamatolera chimodzichimodzi ku Magaba ku Mbare kapena mu Kaguvi Street, mupeza zina zosagwirizana, ndalama zitha galimoto ili pamiyala. Mwayi wathu ndi woti ma W123 anapangidwa ambiri, oposa 2.6 miliyoni pakati pa 1976 ndi 1986, ndipo ena ankalumikizidwa ku East London ku South Africa. Choncho zigoba za chiwongolero cha kumanja zikadalipo kuseri kwa nyumba za anthu. Izi n'zofunika, poti mapedulo a galimoto ya chiwongolero cha kumanzere sakwana m'zathuzi. Ife tinapeza chigoba cha 230E ku Chitungwiza, chowonongeka kumbuyo koma pansi pali bwinobwino.

Chimene ndawayamikira kwambiri bambowa ndi ntchito yosaoneka ija. Kilatchi, beyaring'i ndi mabauti a flywheel anakana kugwiritsa ntchito zakale, anati tigule zatsopano. Flywheel anaitumiza kwa amisiri a makina ku Graniteside kuti akaipale ndi kuiyeza kuti isalemere mbali imodzi, apo ayi injini imanjenjemera ndi kudya mabeyaring'i. Injini isanatsekedwe kumbuyo anasinthiratu silo ya crankshaft, kuti oyilo asadzadonthere pa kilatchi yatsopano. Timapaipi timene tinkapititsa oyilo wa giyabokosi ku rediyeta anatichotsa n'kutseka mabowo ake mwaukhondo. Kilatchi ya galimotoyi imatenga brake fluid m'kabotolo komweko ka mabuleki, ndipo paipi yake anaiyendetsa bwino moti ukatsegula boneti sungadziwe kuti pagwiridwa ntchito. Munthu wothamangira ndalama akanadumpha theka la zimenezi ine osadziwa kanthu.

Pamsewu yasintha kwambiri. Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, ndipo injini yopanda turbo imafooka pamalo okwera chotere. Ndi automatic, ponyamuka pa maloboti a mu Samora Machel ndinkasiyidwa ndi makombi (maminibasi). Lero galimoto imayankha phazi likangogunda. Ulendo wa ku Mutare, pokwera Christmas Pass ndinangoigwira pa giya yachitatu, n'kukwera osavutika, ndipo potsika injini yomweyo inkagwira galimoto, mabuleki osatentha. Ndodo ya magiya ndi yolimba pang'ono ndipo imayenda mtunda wautali, sizifanana ndi za ku Japan zimene tinazolowera, koma giya iliyonse imalowa mosakayikitsa.

Za petulo musayembekezere zodabwitsa. M'tawuni ikumwa mocheperako ndithu, koma pamsewu wautali kusiyana n'kochepa. Chifukwa chake n'chakuti giyabokosi yanga ndi ya magiya anayi, ndipo giya yachinayi ndi ya 1:1 (propshaft imazungulira mofanana ndi injini) monga momwe inalili pa automatic, ndiye pa makilomita 110 pa ola injini imalirabe mokweza ngati kale. Ya magiya asanu ikanathandiza, koma imasowa kwambiri ndipo oipeza amaidulitsa. Amene akufuna kusintha n'cholinga chopulumutsa ndalama za mafuta, ndalama zake sizibwerera msanga.

Zodandaula zilipo ziwiri. Galimoto inakhala kugalaja nthawi yaitali kuposa imene tinagwirizana, ndipo ndinkachita kuimba ndekha kuti ndimve pamene afika. Kuzima kwa magetsi kunawachedwetsa, inde, koma kundiuza sikukanafuna magetsi. Chachiwiri ndi mawaya. Pa automatic pali switchi imene imaletsa sitata kugwira pokhapokha giya ili pa P kapena N, ndipo switchi yomweyo imayatsa magetsi a rivesi. Za sitata analumikiza bwino, koma magetsi a rivesi anaiwala. Ndinazindikira usiku ndikubwerera m'mbuyo pageti. Anakonza osandilipiritsa, komabe galimoto siyenera kutuluka m'galaja zotere zisanayesedwe.

Zonse pamodzi, chigoba, zida zatsopano ndi ntchito, zinandidyera pafupifupi madola 1,300 a ku America. Si ndalama zochepa, koma sindikudandaula nazo, ndipo bambowa ndingawatumizire m'bale wanga mosaopa.

Komabe sindingauze aliyense kuti asinthe. Ngati automatic yanu ili bwino, isiyeni. Ngati galimoto yanu ikadali monga inatulukira kufakitale, ogula magalimoto akale amaifuna choncho, ndipo kusintha kungatsitse mtengo wake. Ine giyabokosi yakale ndi mapedulo ake ndasunga, kuti wina akadzafuna kubwezeretsa adzapeze zonse. Ganiziraninso za bondo lanu lakumanzere ngati mumadutsa mu Seke Road kapena Simon Mazorodze m'mawa uliwonse, chifukwa pamzere wa magalimoto kilatchi imeneyi imatopetsa. A inshuwalansi auzeni za kusinthaku.

Mukadzapita kosinthitsa oyilo, muwauze anyamatawo momveka kuti giyabokosi ya manual ya Benz imeneyi imathiridwa ATF, oyilo wofiira yemwe uja wa automatic. Akathira oyilo wolemera wa magiya amene anazolowera m'magalimoto ena, magiya azivuta kulowa m'mawa, makamaka m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi.