Kashopu ka miyala ya Shaligram ku Kathmandu

Kashopu aka kali m'kanjira kopita ku kachisi wa Ahindu wa Pashupatinath ku Nepal, panja kadzaza mikanda yopempherera ya njere za mtengo wa rudraksha koma zenizeni zili mkati, ma Shaligram, miyala yakuda ija Ahindu amaipembedza ngati mulungu wawo Vishnu mwini wake. Imatoledwa mu mtsinje wa Kali Gandaki cha ku Mustang uko kufupi ndi Muktinath, asayansi amati ndi ma fosilo (zotsalira zomwe zinasanduka miyala) a ammonite, tinyama ta m'nyanja tomwe tinatha kalekale, pomwe opembedza akaona mizere yozungulira ija amati ndi chakra, chida chozungulira cha Vishnu.

Bambo a pashopupo ndi aulemu kwabasi, anandiuza ndisambe kaye m'manja kenako nkundipatsa wina wong'ambika pakati, wozizira, wolemererako, mizere yake ikuoneka bwinobwino. Koma abale mitengo! Palibe pomwe analemba, akangoona kuti ndiwe mlendo ma rupee amakwera basi, chikhalirecho mwambo wawo umati mwala umenewu sagulitsa, munthu amachita kupatsidwa. Ina ya pa shelefu ya kukhomo ndinaikayikira, yonyezimira mopyola, mizere yofanana ndendende ngati anachita kudinda, ma feki a simenti alipotu. Pemphani ya mkati, ndipo nenererani.