Mapulani ogula a galaja ya chipinda cham'denga: amafika pati m'mphepete mwa nyanja?

Pa intaneti pali makampani ambiri ogulitsa mapulani ojambuliratu a galaja yokhala ndi chipinda cham'denga. Mukalipira amakutumizirani PDF ya masamba angapo: maonekedwe a mbali zonse zinayi, kayalidwe ka mkati, kamangidwe ka makoma ndi denga, tsamba la maziko, ndipo ena amaikamonso mndandanda wa matabwa ndi zitsulo. Ofala kwambiri ndi a mamita 7.3 mbali zonse, omwe ogulitsa amati mafiti 24 kwa 24, olowa magalimoto awiri. Nanga munthu amene ali ndi kanyumba kopumulirako pafupi ndi madzi angawadalire mpaka pati?

Zabwino zake sizofuna mawu ambiri. Miyeso imagwirizana ndi kukula kwa matabwa ndi mabodi ogulitsidwa kale, choncho zodula n'kutaya zimachepa. Kalipentala amawawerenga mosavuta, ndipo ndalama zake ndi zochepa poyerekeza ndi kulemba wojambula kuti ayambe papepala loyera. Kuchokera pamwamba pa silabu kukafika pamalata, ambiri ndi ntchito yabwino. Chovuta n'chakuti wojambulayo sanapondepo pamalo panu. Anajambulira dothi louma, lathyathyathya, pakati pa nyumba zina, ndipo m'mutu mwake munali galimoto, osati boti.

Boti ndiye loyamba kukanirira. Boti la mamita 5.5 likakhala pa ngolo yake, mukaphatikiza injini yakumbuyo ndi chitsulo chokokera chakutsogolo, limayandikira mamita 7. M'galaja ya 7.3, mukachotsa makulidwe a makoma, mumatsala pafupifupi mamita 7 omwewo. Chitseko mwina chitsekeka, koma podutsa munthu palibe. Yezani boti lanu lili pa ngolo, injini mutaitukula mmene imakhalira paulendo, chifukwa ikatukulidwa imatulukira kumbuyo kwambiri. Kenako sankhani pulani ya mamita 8.5 kapena 9 m'litali. Chitseko chimene chimabwera m'mapulani ambiri ndi cha mamita 2.13 kutalika kwake. Boti lokhala ndi galasi lakutsogolo lalitali kapena chitsulo chopingasa pamwamba limafuna 2.44 kapena kuposerapo. Mukakweza chitseko ndiye kuti makoma nawonso akwera, ndipo apa m'pamene nkhani ya masitepe imayambira.

Masitepe amaoneka kanthu kakang'ono pachithunzi chotsatsira, koma amadya malo. Tinene kuti kuchokera pa silabu kufika pansi pa chipinda cham'mwamba pali mamita 3. Malamulo a International Residential Code, omwe mapulani ambiri a ku America amatsata, salola sitepe imodzi kupitirira mamilimita 196 kukwera kwake, ndipo popondapo sipachepera mamilimita 254. Ndiye mukufunika masitepe 16, otenga mamita 3.8 m'litali ndi masentimita 91 m'lifupi, osawerengera pofikira. Mzere wonsewo mwaulanda kwa boti kapena kwa galimoto yachiwiri. Masitepe akunja amapulumutsa malowa ndipo amatsekereza utsi kuti usakwere m'chipinda, koma amanyowa, amaterera, ndipo akayang'ana kunyanja amaola msanga. Kwa ine, akunja ndi abwino ngati m'mwamba mugona anthu, bola akhale kumbali yosawomba mphepo yamvula ndipo afoleredwe.

Chipinda chenichenicho chimafunika kuchiwerenga mwatcheru, chifukwa ogulitsa amatchula chimodzimodzi zinthu ziwiri zosiyana. Pali chosungiramo katundu wopepuka, chomwe pansi pake anachiwerengera kunyamula pafupifupi makilogalamu 100 pa sikweya mita. Pali chogona anthu, chofuna pafupifupi 150, ndipo chikakhala chochezeramo chimafuna pafupifupi 200. Manambalawa amalembedwa m'timawu ting'onoting'ono patsamba loyamba, nthawi zambiri ngati 20, 30 kapena 40 psf, kutanthauza mapaundi pa sikweya futi. Mukagula cha 20 n'kuikamo mabedi, firiji ndi alendo asanu ndi mmodzi, pansi pamayamba kunjanja, siling'i ya galaja n'kung'aluka m'malumikizidwe.

Mapulani ambiri amagwiritsa ntchito mathirasi, mafelemu a matabwa a makona atatu onyamula denga, opangiratu kufakitale, okhala ndi mpata wa chipinda pakati, oimikidwa motalikirana masentimita 60. Pa galaja ya mamita 7.3 m'lifupi ndi denga lotsetsereka madigiri 45, chipinda chimatuluka cha pafupifupi mamita 3.6 m'lifupi, osati 7.3 monga ena amaganizira. Denga likakhala la madigiri 34, munthu wamtali amangoima bwino pakati penipeni. Malamulo omwe aja sawerengera malo amene siling'i yake ili pansi pa mamita 1.5, ndipo theka la malo amene amafuna kuti chipinda chikhale nawo liyenera kukhala ndi siling'i yokwera mamita 2.13. Chinanso, thirasi silidulidwa. Bowo la masitepe ndi mawindo otulukira padenga ziyenera kudziwika musanaitanitse, kuti afakitale aike mathirasi ophatikiza m'mbali mwa bowolo. Kudula thabwa limodzi lapansi kuti masitepe adutse ndiye kuphwasula thirasi lonse, ngakhale tsiku loyamba denga lioneke lili bwinobwino.

Tsamba la maziko ndi lomwe ndimaliona lofooka kuposa onse. Kawirikawiri limasonyeza silabu ya masentimita 10 pa miyala yoswa ya masentimita 10, pepala la pulasitiki pakati. Pamtunda izi zimakwana. Pafupi ndi nyanja madzi apansi amakhala pafupi, ndipo amakwera ndi kutsika ndi nyengo. Musanagule pulani, kumbani dzenje la mita imodzi ndi theka pamalopo, panyengo imene nyanja yadzaza, mulisiye usiku wonse litavundikiridwa. M'mawa muona pamene madzi afika ndiponso dothi lake: mchenga, dongo, kapena dothi lakuda la zinyalala zoola. Lakudalo limafunika kulichotsa lonse, chifukwa limaphwa pang'onopang'ono silabu n'kusweka. Kumadera ozizira kwambiri, dothi lonyowa likaundana limatukula silabu, choncho maziko amayenera kupyola pamene chisanu chimafika. Silabu ikwere pamwamba pa mlingo umene madzi osefukira amafika, itsetserekere kukhomo sentimita imodzi pa mita iliyonse, chifukwa boti limalowa likudontha. Kunja, nthaka itsike masentimita 15 pa mamita atatu oyamba kuchoka pakhoma. Kumene galaja ingalowe madzi ndithu, malamulo a ku America amafuna mabowo osachepera awiri m'makoma osiyana, osakwera kupitirira masentimita 30 kuchoka pansi, kuti madzi alowe ndi kutuluka m'malo mokankha khoma. Zimenezi simuzipeza m'pulani wamba.

Mphepo nayo ndi ina. Yodutsa pamadzi ilibe mitengo kapena nyumba zoichepetsa mphamvu, ndipo galaja yaitali ya denga losongoka imaitchinga ngati thanga. Khoma lakutsogolo ndiye lofooka, poti pafupifupi lonse ndi chitseko cha mamita 4.9, m'mbali mwangotsala timakoma topapatiza. Timakomato timafunika mtanda wa pamwamba pa khomo wopitirira mpaka kumakona, ndi zitsulo zotimangirira ku konkire. Thirasi lililonse limangiriridwe kukhoma ndi kachitsulo kake, monga H2.5A ya kampani ya Simpson Strong-Tie kapena kofanana nako, osati misomali yokhomera chammbali yokha. Mabawuti a mamilimita 12 ogwira thabwa lapansi asatalikirane kupitirira mamita 1.8. Onani ngati pulaniyo inawerengedwera malo otchingidwa, omwe amalemba kuti Exposure B. Gombe loyang'ana madzi aakulu limagwera pa C kapena D, ndipo kusintha kumeneku ndi ntchito ya injiniya.

Mndandanda wa zipangizo musautsate mwachimbulimbuli. Thabwa logona pa konkire liyenera kukhala lothiridwa mankhwala, koma mankhwala amakono okhala ndi kopa amadya chitsulo wamba ndi aluminiyamu. Misomali ndi mabawuti zikhale zoviikidwa mu zinki yotentha. Pamadzi amchere, pitani pa chitsulo chosachita dzimbiri cha giredi 316, kuphatikizapo mahinji ndi zomangira malata. Masipuling'i ndi zingwe za chitseko chokwera m'mwamba ndi zomwe zimayamba kuchita dzimbiri, ndipo anthu amaziiwala.

Ngati m'mwamba mugona anthu, siling'i ya galaja ikhale ya bodi yosagwira moto msanga ya mamilimita 16, yotchedwa Type X, yomatidwa bwino m'malumikizidwe monse ndi mozungulira mawaya. Nthunzi ya petulo imalemera kuposa mpweya ndipo imayala pansi, n'chifukwa chake chilichonse chothetheka moto chimaikidwa masentimita 45 kuchoka pansi. M'chipindamo muike alamu ya utsi ndi ya mpweya wakupha wa carbon monoxide, komanso zenera lotsekuka mpata wa sikweya mita 0.53 loti munthu n'kuthawirapo. Pakati pa malata ndi zotchingira kutentha pasiyidwe mpata woyenda mphepo kuchokera m'mphepete mwa denga kukatulukira pamsonga. Popanda mpatawu, chinyontho cha boti, zingwe ndi majekete onyowa chimakwera, n'kuchita chuku kuseri kwa siling'i kumene simukuona.

Ndingagule? Inde, koma ngati poyambira chabe, ndipo ndisanalipire ndingafunse kaye akuluakulu opereka chilolezo chomanga zinthu zitatu: mtunda wofunika kusiya kuchoka pamene madzi amafika akadzaza, msinkhu umene nyumba yapambali imaloledwa kufika, ndiponso ngati m'mwamba mwa galaja mumaloledwa kugona anthu kapena kuika chimbudzi. Denga la madigiri 45 pa makoma a mamita 2.7 limafika pafupifupi mamita 6.5, ndipo m'madera ena izi zapyola kale malire. Pogula, sankhani wogulitsa amene amapereka fayilo ya CAD, yomwe injiniya angathe kuisintha pakompyuta, pamodzi ndi chilolezo chosintha. Amene amangopereka PDF yotseka amachititsa injiniya wanu kujambulanso tsamba la maziko ndi la khoma lakutsogolo kuyambira pachiyambi, ndipo zimene munapulumutsa zija zimathera pomwepo.