Injini ikawira mutaigwira nokha: kuchotsa thermostat, kulumikiza fani, kapena kutulutsa mpweya?

Loweruka lina mwezi wa Okutobala ndinasintha ndekha paipi yapamwamba ya rediyeta pa Corolla yanga, pakhomo ku Glen Norah, mu Harare. Paipiyo ndinakagula mu Kaguvi Street, ndinathira coolant (madzi oziziritsa injini) watsopano, n'kusamba m'manja ndikudzitama kuti madola a makaniko atsala m'thumba. Lolemba m'mawa ndili pa mdipiti wa magalimoto mu Simon Mazorodze Road, ndinangoona muvi wa geji ya kutentha kwa injini ukukwera, kutsika pang'ono, kukweranso mpaka kunyambita pofiira. Ndinakhotera pambali n'kuzimitsa.

Pofika madzulo ndinali nditalandira malangizo atatu osiyana, ndipo ndi omwewo amene mudzamva inunso tsiku limene yanu idzawire.

Oyamba anali amalume, amene ayendetsa malole zaka zambiri. "Mphwanga, ka thermostat aka anakapangira ku Japan kozizira. Kuno n'kwa dzuwa, kachotse madzi aziyenda." Njira imeneyi yochotsa thermostat, kachipangizo kotseka ndi kutsegula njira ya madzi pakati pa injini ndi rediyeta, ili ndi otsatira ambiri mu Harare muno, ndipo chokoka chake n'chakuti siilira ndalama: mabauti awiri, mphindi makumi awiri, basi. Nthawi zina imaonekadi ngati yathandiza. Ngati thermostat inali itakakamira chotseka, kapena munaibwezera chozondoka pamene mumagwira ntchito, kuichotsa kumatsegula njira ndipo muvi umatsika. Koma pamenepo chimene chinafunika ndi thermostat ina, kapena kuikhazika bwino yomweyo: mbali ya sipuling'i iloze ku injini, ndipo ngati ili ndi kamsomali kogwedera kotulutsira mpweya, kakhale kumwamba.

Kachipangizo aka pa ma Toyota ambiri kamayamba kutseguka madzi akafika madigiri 82, ndipo ntchito yake ndi kusunga injini pa kutentha kumene inapangidwira. Mukakachotsa, m'mawa wa Juni ndi Julayi, pamene kuzizira kwa Harare kumaluma zala, injini imayenda ulendo wonse wa ku tauni isanafunde. Kompyuta ya galimoto ikaona choncho imawonjezera petulo, oilo sapepuka msanga, zitsulo zimadyana. Palinso china chimene amalume sanachikhulupirire: pa injini zambiri thermostat ikatseguka imatsekanso kanjira kachidule kobwezera madzi mu injini. Popanda iyo, madzi ena amangozungulira m'katimo osafika ku rediyeta. Ndiye mutha kuichotsa, galimoto n'kumawirabe pokwera mtunda.

Wachiwiri anali mnyamata woyandikana nafe nyumba, woyendetsa Honda Fit ya mushikashika, timagalimoto tonyamula anthu ngati takisi. "Achimwene, lumikizani fani dairekiti, izingozungulira mukangoliza." Iyeyo ndimamumvetsa, chifukwa Fit yake ilibe geji, ili ndi kagetsi kofiira kamene kamayaka zinthu zitafika kale poipa. Koma fani imagwira ntchito galimoto ikaima kapena ikamayenda pang'onopang'ono. Mukamathamanga makilomita 80 pa ola mu Seke Road, mphepo yolowa kutsogolo ndiyo imaziziritsa rediyeta. Choncho ngati yanu ikuwira pa msewu wotseguka, ngakhale fani izungulire usiku wonse palibe chisinthe. Ngati ikuwira pa mdipiti pokha n'kumazizira mukangoyamba kuthamanga, fani ndiyodi yokayikitsa, koma yang'anani kaye pulagi yake. Ambirife timaizula kuti dzanja lilowe bwino pomasula paipi, kenako n'kuiwala kubwezera. Pulagi ikakhala m'malo, onani fyuzi ndi relay, kaswitchi koyatsa fani. Waya wa dairekiti ndimauvomera pofuna kufika kunyumba tsiku limenelo lokha. Ukakhalitsa umatopetsa mota ya fani, ndipo wolumikizidwa popanda fyuzi ndi moto umene ukudikira tsiku lake.

Achitatu anali bambo wina wachikulire amene amakonza magalimoto cha ku Gazaland, wa makolo a ku Mangochi. Sanagwire n'sipanala yomwe. Anangofunsa kuti, "Mwagwira chiyani komaliza?" Nditawauza, anandiuza kuti ndilize injini, nditsegule hita mpaka kumapeto. Geji inali pamwamba pa theka koma hita ikutulutsa mphepo yozizira. Anaseka. "Mwatsekera mpweya m'kati, bambo. Madzi munathira, koma sanafike ponse."

Njira yawo ndi imene ndimaiika patsogolo, chifukwa imayambira pamene dzanja lanu linadutsa. Galimoto inali bwino Lachisanu, mwaigwira Loweruka, yawira Lolemba: thermostat ya ku Japan ija yakhala m'menemo zaka zonsezi osakuvutani, ilakwe bwanji lero? Mukakhuthula madzi n'kuthira ena mofulumira, mpweya umatsala m'mutu wa injini ndi m'mapaipi a hita. Pampu imakankha madzi bwino koma mpweya imangowupalasa. Mpweyawo ukadutsa pa sensa yoyeza kutentha, muvi umavina monga unkachitira wangawu.

Tinadikira kuti izizire mpaka paipi kugwirika ndi dzanja. Izi musazichite mwaphuma, chifukwa chivindikiro cha rediyeta chotsegulidwa injini ili yamoto chimalavula madzi owira kumaso. Tinaimika galimoto mphuno itakwera pa kamtunda, n'kudula botolo la malita awiri kumunsi, kulizika chozondoka pakamwa pa rediyeta titakulunga tepi kuti lisadonthe. Tinathira coolant mpaka theka la botolo, hita ili chitsegukire, injini ikulira payokha. Poyamba munali zii. Kenako thovu linayamba kutuluka, bwibwibwi, lalikulu ngati mazira a nkhunda, madzi m'botolo n'kumatsika. Bamboyo ankafinya paipi yapamwamba ngati akukama ng'ombe. Patapita mphindi ngati 20 paipi yapansi inafunda, kusonyeza kuti thermostat yatseguka, fani inadzuka kawiri n'kuzima yokha, hita inayamba kuotcha. Rediyeta inamwa madzi oposa lita imodzi amene ine ndinkati ndinadzaza kale. Mawa lake m'mawa ndinawonjezera pang'ono m'kabotolo kosungira coolant kapambali pa rediyeta.

Kuipa kwa njira iyi n'kwakuti imadya nthawi, ndipo galimoto zina zimafuna kubwereza kawiri kapena kumasula kabauti kake kotulutsira mpweya. Koma ndalama siilira, ndipo palibe chimene mwachotsa m'galimoto.

Muli pomwepo, tembenuzani chivindikiro cha rediyeta muone labala wake. Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, ndipo kuno madzi osatsekera amawira pa madigiri pafupifupi 95, osati 100. Chivindikiro changa chalembedwa 1.1, kusonyeza mphamvu ya mpweya imene chimatsekera, ndipo chikagwira bwino chimakweza powirira madzi kufika cha m'ma 120. Chong'ambika labala, kapena chimene simunachipotoze mpaka kumapeto, chimasiya madzi kuti awire injini ili pa kutentha kwake kwa masiku onse. Anthu agula marediyeta atsopano chifukwa cha kanthu kotchipa kameneka. Za madzi a pa borehole ndisachite kunena zambiri: suzumirani mu ketulo yanu muone zoyera zimene zamatirira, ndiye muganize timapaipi ta rediyeta topyapyala ngati udzu. Coolant wosakaniza kale, kapena theka coolant theka madzi a distilled, ndiye woyenera.

Pali pamene njira zitatu zonsezi zimagonja. Ngati thovu m'botolo muja silikutha ngakhale patapita theka la ola, likungobwera laling'onoling'ono mosalekeza, ngati paipi yapamwamba ikuuma gwa injini itangolira kumene, ngati ku ekizozi kukutuluka utsi woyera wonunkhira motsekemera kapena oilo wasanduka ngati tiyi wamkaka, ndiye kuti gasiketi ya kumutu, yotseka pakati pa mutu ndi thupi la injini, yapsa. Injini za masiku ano zili ndi mutu wa aluminiyamu umene suchedwa kupindika, ndipo kuyenda makilomita ochepa muvi uli pofiira n'kokwanira. Apo pitani kwa makaniko amene ali ndi pampu yoyezera kudontha ndi mankhwala abuluu aja amene amasanduka achikasu utsi wa injini ukalowa m'madzi. Timabotolo tomata gasiketi tothira mu rediyeta sindimatikhulupirira, chifukwa timatha kutsekanso timapaipi ta hita.

Yanga inapulumuka chifukwa ndinazimitsa msanga. Amalume nditawauza kuti unali mpweya chabe anangoti, "Ona mwezi wa Novembala usanathe ubwera wekha." Novembala anadutsa, mvula inagwa, thermostat ikadali m'malo mwake. Iwo yawo amaisunga mu bokosi la masipanala, ndipo m'mawa wa Julayi amayendetsa atavala chijasi ndi chipewa chaubweya, hita ikuuzira mphepo ya kunja.