Chingamu chamata pa kapeti kuno kuchigwa: aisi, mafuta, viniga kapena simbi?

Chingamu anachipanga kuti chizifewa chikalowa m'kamwa, momwe mumatentha madigiri 37. Tsono kuno ku Chikwawa ndi ku Nsanje, mu Okutobala ndi Novembala, masana kumatentha kupitirira madigiri 40, ndipo m'nyumba ya malata yopanda siling'i ndiye musachite kunena. Chingamu chimene mwana walavulira pa kapeti ku Ngabu sichiuma monga chingaumire ku Dedza mu Juni. Chimakhala chofewa tsiku lonse, chikunanda ngati ulimbo, ndipo aliyense wopondapo amachikanikizira mkati mwa ulusi. N'chifukwa chake njira zina zimene anzathu akumtunda amazitama, zikatsika Thabwa zimatigwiritsa mwala.

Madzi ndi sopo musayambe nazo. Shuga ndi zokometsera zimatha ndi malovu, koma chotsalacho ndi mphira wa kufakitale, ndipo madzi samulowa. Njira zapakhomo zimene zilipo zimachita chimodzi mwa zinthu zitatu: kuchiumitsa ndi kuzizira kuti chiphwanyike, kuchifewetsa ndi moto, kapena kuchisungunula ndi mafuta.

Aisi ndiye amene ine ndimamuika patsogolo, chifukwa sasiya banga, sasiya fungo, ndipo ulusi wa kapeti sauwononga. Ikani madzi oundanawo m'jumbo, mumange bwino kukamwa, muike pamwamba pa chingamucho kwa mphindi 10 kapena 15. Jumboyo ndi yofunika: kapeti ikanyowa mpaka pansi, imanunkha chinyontho masiku angapo. Chingamu chikalimba mpaka kumalira mukachigogoda ndi chikhadabo, tengani supuni kapena msana wa mpeni, muzikanda kuchokera m'mphepete kulowera pakati. Tizidutswa tothothokato tolani pompopompo muike m'chitini, mukatisiya pansi timafewanso n'kumata pena.

Koma kuno aisi ali ndi mdani wake. Mukangochotsa jumbo, chingamu chimalimba kwa kamphindi chabe, kenako chayambanso kunanda. Ambiri amagwa ulesi pamenepa n'kunena kuti njirayi ndi yabodza, chonsecho vuto ndi nthawi imene agwirira ntchitoyo. Musaiyambe masana dzuwa lili paliwombo. Dzukani m'bandakucha, simenti ya pansi isanatenthe, ndipo muchite mobwerezabwereza: kuziziritsa, kukanda pang'ono, kubwezerapo jumbo, kukandanso. Chikayamba kutamuka m'malo mothyoka, siyani kukoka, chifukwa mukalimbikira mumazula ulusi.

Mchere umathandiza kwambiri. Madzi oundana akayamba kusungunuka amaima pa digiri 0, koma mukawaphwanya n'kuthiramo mchere wa m'khitchini wokwanira, kuzizirako kumatsika mpaka kuyandikira madigiri 20 kunsi kwa 0. Chingamu chimauma msanga ndipo chimachedwa kufewa. Muike aisiyo m'majumbo awiri, popeza madzi a mchere akadontha amasiya chizindikiro choyera akauma, ndipo mugwire ndi kansalu kuti zala zisachite dzanzi.

Nanga opanda firiji, kapena magetsi atazima chidzulo? Pa Nchalo, pa Dyeratu, pa Bangula ndi m'misika ina, ogulitsa mafirizesi ndi madzi ozizira amakhala ndi mabotolo oundana gwa. Gulani limodzi, mulikulunge m'chitenje kapena m'thumba kuti lifike kunyumba lisanasungunuke. Botolo ndi lozungulira, silikhudza chingamu chonse, choncho ndi bwino kulicheka n'kuphwanya aisiyo. Awiri awa apeweni: aisi wochokera m'bokosi la nsomba, amene fungo lake limakhazikika m'kapeti, ndi firizesi weniweniyo, amene akaphulika utoto wake wofiira umakhala wovuta kuposa chingamu chomwe mumalimbana nacho.

Pamene aisi amalephera ndi pa chingamu chimene chapondedwa sabata yathunthu, chasakanikirana ndi fumbi mpaka kuda. Pamwamba pamachoka, koma chimene chakulunga ulusi kunsi chimatsala. Apa ndi pamene mafuta ophikira amaposa aisi.

Mafuta safuna magetsi, safuna kudzuka usiku, ndipo ali m'nyumba iliyonse. Mphira wa chingamu umasungunuka m'mafuta, ndiye mukapakapo chimasiya kunanda n'kuyamba kukulungika timibulu tomwe mungachotse ndi mswachi wakale kapena chipeso cha mano aang'ono. Dontheza madontho awiri kapena atatu pa kansalu ndiye njira yake, osati kuthira kuchokera m'botolo. Kuipa kwake nakonso nkwakukulu. Makapeti ambiri otsika mtengo ndi a ulusi wa pulasitiki wotchedwa polypropylene, womwe madzi sumwa koma mafuta umawagwira zolimba. Ndi fumbi lathu la m'chilimwe, pamalo pamene panali chingamu pamasanduka chibanga chakuda patangopita masabata ochepa, ndipo mwini nyumba amadabwa kuti chachokera kuti. Choncho wosankha mafuta wasankhanso ntchito yachiwiri: sopo wotsukira mbale kapena wa ufa m'madzi ofunda, kudinda ndi nsalu osati kupikicha, kutsukuluza ndi madzi oyera, kenako kuumitsa ndi thaulo. Mukaona kuti chala chikutererabe, bwerezani.

Ena amalimbikira chiponde. Chimagwira ntchito, inde, koma chimene chikugwiracho ndi mafuta omwe ali m'katimo. Mtedza wosinjawo umangolowa m'ulusi, ndipo usiku womwewo nyerere ndi mphemvu zimabwera, pambuyo pake khoswe amene saona vuto kuboola kapeti pofuna chakudya. Chiponde chisungireni chingamu cha m'tsitsi la mwana, lomwe mutha kulisambitsa bwinobwino. Pa kapeti, mafuta okhaokha ndi abwinopo.

Viniga woyera, amene asidi wake amakhala pafupifupi magawo 5 pa 100 alionse, ndi wapakatikati. Mukamufunditsa n'kupaka ndi mswachi, amafewetsa zotsalira ndipo sasiya mafuta okoka fumbi. Fungo lake limatha tsiku lomwelo mukatsegula mawindo. Pa chibuluma chachikulu alibe mphamvu, mumangochimwaza. Viniga wofiirira musamuike pa kapeti yowala, ndipo ngakhale woyerayo muyambe mwamuyesa pakona ya kuseri kwa mpando kuti muone ngati utoto sukusuluka.

Tifike pa simbi. Njira yake imamveka yanzeru: kuika katoni kapena pepala lakhaki pamwamba, kusitapo, chingamu n'kusamukira pa pepalalo. Kumalo ozizira mwina imathandiza, koma kuno chingamu ndi chofewa kale, ndipo kuonjezera moto kumachitsitsira kunsi kwa ulusi. Choopsa kwambiri n'chakuti polypropylene amasungunuka pa madigiri pafupifupi 160, pamene ayironi ya magetsi ikatsegulidwa posita nsalu ya thonje imafika cha m'ma 200. Simbi ya makala ndiye ilibe n'potsitsira pomwe, ndipo imalavula phulusa ndi tizimoto m'mabowo mwake. Ulusi ukasungunuka umasiya chipsera chonyezimira, cholimba, chooneka mphuno ya simbi, ndipo palibe sopo amene angachichotse. Chingamu mutha kulimbana nacho kachiwiri mawa, chipseracho ayi. Ngati mwaumirirabe, ikhale ya magetsi, yotsitsidwa mpaka pansi penipeni, ndi nsalu yonyowa pakati. Ine sindingakulangizeni, makamaka pa kapeti ya eni, monga ya kutchalitchi kapena ya m'nyumba ya lendi.

Palafini ndi petulo zimasungunula chingamu msanga kuposa zonsezi, n'chifukwa chake pali amalume m'mudzi uliwonse amene amalumbirira njirayi. Komatu zimasungunulanso guluu amene amagwira ulusi kunsi kwa kapeti, ndipo pakapita nthawi malowo amayamba kusosoka. Fungo lake m'chipinda chotentha limapweteketsa mutu, ana okwawa amagwira pomwepo n'kuika zala m'kamwa. Ganiziraninso ngozi ya moto wochokera ku koyilo ya udzudzu kapena kandulo zimene timayatsa madzulo n'kuika pansi. Njira imeneyi ayi ndithu.

Sizasi ndi yomalizira tinyenyeswa totsalira kunsonga za ulusi pa kapeti yaubweya wautali. Mukadula nsonga zokha, diso silizindikira. Pa kapeti ya ulusi wopindika ngati timagoli musayerekeze, mukadula kamodzi mzere wonse umasomphoka.

Mukandifunsa ndondomeko, ndi iyi: aisi wamchere m'mamawa kuti chibuluma chichoke, viniga wofunda pa zotsalira, mafuta pokhapokha viniga walephera, ndipo sopo pambuyo pa mafuta nthawi zonse. Ngati aisi sangapezeke lero, ndi bwino kuvindikira malowo ndi mbale kuti asapondedwe, n'kudikira mawa, kusiyana n'kuthamangira simbi.

Zonsezi ndi za kapeti ya ulusi. M'nyumba zambiri kuno chimene chayalidwa ndi kapeti ya pulasitiki yogulidwa pa mita, ndipo imeneyo ndi yosavuta chifukwa chingamu chilibe polowa. Aisi ndi supuni zimakwana, dontho la mafuta limamaliza, kenako mukolope ndi sopo kuti agogo angaterereke. Nsonga ya mpeni imang'amba pulasitikiyo, ndipo simbi imaikwinya nthawi yomweyo. Pa mkeka wa mlaza mafuta asafikepo, chifukwa mlaza umawamwa ndipo banga lake silichoka. Ziziritsani, mutokose m'mipata ndi kamtengo kosongoka, kenako muuyanike pa dzuwa chingamu chitachoka kale.

Kakapeti kakang'ono ka pakhomo kapena ka m'mbali mwa bedi kali ndi mwayi wake. Kapindeni chingamu chili kunja, mukaike m'jumbo yaikulu, mupemphe mwini golosale kapena a neba amene ali ndi firiji yozama kuti akasunge kwa ola limodzi kapena awiri. Supuni mupite nayo konko, mukakande pakhonde pomwepo, chifukwa mukati mukayambire kunyumba, mufika chitafewa kale m'njira.